Ankhoswe ndi Mapointi a Impso

Unkhoswe ine sindinaupemphe. Kuno ku Birmingham amalume ndi osowa, ndiye ukangomera imvi ziwiri zitatu, n'kukhala munthu wosajomba kutchalitchi, basi wakwana. Vailet atabwera kudzayamba unamwino anandipeza nditakhala kale, ndipo abale ake ku Ntcheu atamva kuti kwathu ndi ku Balaka anati tayandikana mokwanira. Anandiimbira foni n'kundituma kuti ndiziwaonera banja la mwana wawo. Kuchimuna anasankha a Charles, bambo woyendetsa basi amene amatsegula nkhani iliyonse ndi pemphero lalitali moti tiyi amachita kuzizira.

Mabanja ena atilembetsa m'madzi ndi milandu ya mafoni obisa ndi ya amuna okana kutsuka mbale mkazi ali ku shifiti. Koma banja la Vailet ndi a McDonald Chikuse silinatipatsepo ntchito zaka zonsezi. Ndiye Loweruka lina masana a Charles atandiimbira kuti a Chikuse aitana ankhoswe, ndinayamba ndakhala pansi.

"Kwagwanji?" ndinafunsa.

"Akuti akazi awo akufuna kuwapha."

"Vailet? Awapha ndi chiyani?"

"Akuti ndi computer. Inenso sindinamvetse, mayi Patience. Tikumane ku Oldbury komweko."

A McDonald impso zawo zinali zitasiya kugwira ntchito. Katatu pa sabata ankapita kuchipatala kukakhala pa makina otsuka magazi, amene timangoti dayalisisi, ndipo ankabwerako ali wefuwefu. Vailet naye ndi namwino wa odwala impso, koma pa chipatala china. Anayezetsa kuti apereke impso yake imodzi kwa mwamuna wake, madokotala n'kumukana chifukwa magazi ake amathamanga. Tsiku limenelo analirira m'galimoto mwanga. Mwana wawo Tiffany anadzipereka, koma bambo ake anakana kwamtuwagalu, amvekere mwana sadulidwa chifukwa cha kholo. Chimene chinatsala ndi kudikira pamzere, kuti mwina tsiku lina padzapezeka impso ya munthu womwalira yogwirizana ndi thupi lawo.

Anatitsegulira ndi Tiffany, atavala kale jasi.

"They're not talking, Auntie," anatero. "Dad's sleeping in the box room." Anatipsompsona n'kutuluka, monga amachitira ana akuno akamva fungo la nkhani za akuluakulu.

Tinawapeza atakhala motalikirana pabalaza. A McDonald anali atamanga tayi, kolala ikuchita kuwakhwepa chifukwa cha kuonda. Vailet anali atamanga chitenje pamwamba pa buluku la kuntchito, maso ali pansi. A Charles anapemphera mpaka kutchula ndi a boma omwe, kenako anakumbutsa dongosolo: wodandaula amayamba, samudula mawu, mnzake n'kuyankha, ife ankhoswe pomaliza.

"Sindichulutsa gaga m'diwa," anayamba a McDonald. "Lachiwiri ndinabwera ku dialysis nditatopa, ndinagona pa sofa pomwe mwakhalapo. Mayi a Tiffany anali pa Zoom kukhitchini, chitseko chosatseka. Ndinawamva ndi makutu angawa akuuza anzawo a committee kuti ma points a impso asinthidwe. Wina anafunsa kuti nanga amene analembetsa msanga ziwathera bwanji. Iwo anayankha kuti some of them will wait longer. Ankhoswe, some of them ameneyo ndi ine. Mwamuna wawo, bambo wa mwana wawo. Anthu amafa pamzere umenewu. Ine ndawaonapo."

Anapitiriza motsitsa mawu.

"Impso yawo inakanika, sindinadandaule, n'za Mulungu. Koma malo anga pamzere ndi chinthu chokhacho chimene ndili nacho. Ndiye chimenechonso akukachigawa kwa anthu, osandiuza n'komwe."

Mawu a impso yokanikawo anandipsetsa mtima, chifukwa ndinkadziwa pamene akubaya. Ndinafuna kuwadula, koma lamulo ndi lamulo. Komanso ukamuyang'ana munthu woonda chonchija, mkwiyo sukhalitsa. Ndinawamvera chisoni onse awiri.

Vailet anayamba ndi kutifotokozera ife mbuli ziwiri mmene zinthu zimayendera. Ine ndine namwino wa okalamba, za impso ndimangozimvera patali. Anati impso ikapezeka palibe dokotala amene amaloza chala kuti ipite kwa uje. Kompyuta ndiyo imawerengera aliyense wodikira mapointi ake: magazi ndi thupi lake zikugwirizana bwanji ndi impsoyo, ali ndi zaka zingati, wadikira nthawi yaitali bwanji. Wopambana mapointi ndiye amaitanidwa. Koma kompyutayo sinadzipangire malamulo. Anthu ndiwo amaiuza choti iwerenge ndi choti isiye, ndipo pakapita nthawi amakhala pansi n'kuunikanso. Vailet anasankhidwa kukhala mu komiti ina yopereka maganizo ya chigawo chathu chino, momwe muli madokotala, a masamu, anamwino ndi odwala.

A Charles anaweramira kutsogolo, n'kuphwanya okha lamulo lawo losadula mawu.

"Pepani mlamu. Poti inu muli m'katimo, simungakankheko dzina la achimwenewa pang'ono? Amene amagwira computer ameneyo simukumudziwa? Mwina ndi munthu womva."

Vailet anatsala pang'ono kuseka, koyamba tsiku limenelo.

"Alamu, ngakhale atakhala mwana wa nduna, sizitheka. N'chifukwa chake ndimaikonda system imeneyi. Sifunsa kuti ndiwe mwana wa ndani. Koma ukaipatsa lamulo lopindika, imalitsatira mokhulupirika mpaka kalekale, ndipo palibe amene amaona kuti wina akuponderezedwa."

Lamulo limene iye ankati ndi lopindika linali la kuwerenga nthawi yodikira. Ankayamba kuwerenga kuchokera tsiku limene dzina la munthu lalembedwa pamzere.

"Bambo a Tiffany ndinawalembetsa ine asanayambe n'komwe dialysis," anatero. "Ndimadziwa khomo logogoda. Ndinkawakokera ku ma appointment, ma test onse tinamaliza msangamsanga. Sindinabe, ndinangodziwa njira. Koma pali anthu akhala pa makina zaka ndi zaka osalembedwa, chifukwa alibe mkazi nurse. Ndipo bambo, nkhaniyi anabwera nayo m'nyumba muno ndinu. Munandiuza za a Elijah ndinu."

A McDonald anayang'ana kuwindo. Elijah ameneyu anali mnzawo wa mpando woyandikana nawo kumakina, bambo wa ku South Sudan wokhala m'kachipinda ku Sparkhill. A McDonald anamupeza ali kale pa makina zaka zingapo. Tsiku lina pocheza anamufunsa kuti pamzere wakhalapo nthawi yaitali bwanji, mnzawoyo n'kudabwa. Iye ankayesa kuti kukhala pa makinapo ndiye mzerewo. Chingerezi chinkamuvuta, ankasamukasamuka, ndipo zoyezayeza zofunika kuti alembedwe sanazimalize. A McDonald ndi amene anamukankha mpaka analembedwa. Koma kwa kompyuta, Elijah anali mlendo wongofika kumene.

"Zimene ndikupempha," anatero Vailet, "n'zakuti munthu ayambe kuwerengeredwa tsiku limene anayamba makina, ngati anawayamba asanalembedwe. Palibe amene achotseredwe point ndi imodzi yomwe. Koma a Elijah ndi anzawo apatsidwa zaka zawo zimene anavutika. Akapatsidwa, ena awadutsa bambowa. Zimenezo ndikuzidziwa. Sindigona nazo tulo. A committee ndinawauza kuti mwamuna wanga ali pamzere, ndiye sindivota nawo. Koma kulankhula ndilankhula, chifukwa amene anaiyambitsa nkhaniyi ndine."

"Nanga osawauza amuna akowa bwanji?" ndinafunsa.

"Ndinkaopa, asisi. Ndinkati ndinena mawa, mawa lake n'kuwaona mmene abwerera ku makina, pakamwa n'kuuma."

Mwambo ndi woti ankhoswe amakapangana kuseri. Kuseri kwa nyumba ya ku Oldbury ndi kabwalo ka mabini, ndipo kunkagwa kamvula kathu kosakata kaja, choncho tinakakhala m'galimoto ya a Charles. Ine ndinali nditagamula kale mumtima kuti Vailet akulondola, ndipo ndinanena. Ndinkamunyadira mwanayo moti ndikanatha kumubereka kumsana. A Charles anapukuta galasi lakutsogolo ndi dzanja kwa nthawi yaitali.

"Milandu ndi iwiri," anatero. "Wobisira mwamuna nkhani, umenewo ndi wathu, ndipo mlamu walakwa. Koma wa ma points si wa banja lino lokha. A Elijah ali kuti? Enawo ali kuti? Kwathu sitiweruza mlandu mwini wake ali kumunda. Ifeyo sitingagamule a Elijah palibe. A committee nawonso asagamule achimwenewa palibe."

Ndinawayang'ana bambowo mwachilendo. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti mphatso yawo ndi mapemphero ataliatali basi.

Titabwerera tinafunsa ngati pali bwalo limene wodwala angakalankhulepo. Vailet anati lilipo. Komiti inali itaitana odwala ndi abale awo ku msonkhano wa aliyense, ku holo ina kufupi ndi yunivesite ku Selly Oak, ndipo a McDonald uthengawo anaulandira koma anati n'zotayitsa nthawi. A Charles anapereka chigamulo. Vailet apepese chifukwa chotengera nkhani kunja isanapse m'nyumba. A McDonald achoke m'kachipinda ka katundu kaja abwerere kuchipinda kwa mkazi wawo, ndipo dandaulo lawo akalitule okha kumsonkhanoko, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tidzawaperekeza. Ndipo a Elijah nawonso adziwitsidwe.

Vailet anagwada pakapeti, namwino wamkulu amene madokotala ang'onoang'ono amamuopa ku wodi.

"Bambo a Tiffany, ndinalakwa kukubisirani. Mundikhululukire. Koma mawu anga ku committee sindibweza."

"Dzukani," anatero a McDonald. "Inenso anga sindibweza. Tikaonana konko."

Tsiku la msonkhano litafika, a McDonald anati ayenda paokha. Ine ndi a Charles tinamutenga Vailet. A Charles anavala suti ya pa zinkhoswe, ine nduwira ndi chitenje cha chigwirizano, moti ana a yunivesite pa Bristol Road ankachita kutembenuka. Pakhomo anatilandira wapampando wa komiti, mayi Ann, mphunzitsi wopuma ntchito amene nayenso akuyenda ndi impso ya munthu wina. Anatifunsa ngati ndife abale kapena oimira odwala. A Charles anayesa kufotokoza unkhoswe m'Chingerezi, n'kutuluka thukuta. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati m'banja lawo mukanakhala anthu otero bwenzi likadalipo. Anatipatsa mipando yakutsogolo.

Msonkhano unayamba a McDonald asanafike. Vailet ankangoyang'ana kuchitseko, ndipo ine ndinayamba kukonza mawu okawakalipira nawo madzulo. Kenako chitseko chinatseguka. Analowa pang'onopang'ono, kumbuyo kwawo kukubwera bambo wamtali kwambiri, wakuda bii, atavala jekete lalifupi manja. A McDonald anali atadutsa mzinda wonse mpaka ku Sparkhill, n'kukakodwa pa mdipiti wa magalimoto wa mu Stratford Road, kukatenga munthu amene akufuna kuwadutsa pamzere. Ife tinangoti adziwitsidwe, zokamutenga sitinanene.

"Munati eni ake onse akhalepo," anandinong'oneza akukhala. "Basi ziwiri sakanakwanitsa, dzulo anali pa makina. Koma musayese kuti ndasintha maganizo."

Woyamba kufotokoza anali wa masamu, bambo Harvey, munthu wamanyazi amene ankagwira cholozera zithunzi za manambala ndi manja awiri. Anati anatenga mzere wa zaka zapitazo, atachotsa mayina, n'kuuyendetsa mu kompyuta kawiri, kamodzi ndi lamulo lakale, kenako ndi latsopano, kuti aone amene akanapindula ndi amene akanachedwa. Olembedwa mochedwa ambiri anapezeka kuti ndi osauka, obwera, ndi ovutika Chingerezi. Sanabise kuti lamulo latsopano lili ndi owawidwa ake. Ndinakonda zimenezo. Ndakhala m'misonkhano yambiri ya kuntchito momwe chilichonse chatsopano amati n'chokomera aliyense.

Itafika nthawi ya Vailet, anaimirira n'kuloza mwamuna wake pamaso pa anthu onse. Anati uyu ndi mwamuna wanga, ndipo zimene ndikupemphazi zimuchedwetsa. Anafotokoza mmene anamulembetsera msanga, n'kunena kuti ufulu wopeza impso usadalire kuti munthu anakwatira ndani. Sanalumphe liwu ndi limodzi lomwe. Atakhala pansi ndinamugwira bondo.

A McDonald anakana maikolofoni poyamba, kenako anailandira. Anayankhula Chingerezi chawo cha ku Chancellor College, chosathamanga.

"Ine ndikukana," anatero. "Mulembe kuti ndakana. Ndinatsatira malamulo amene munandipatsa. Ndadikira. Ndili ndi mwana amene ndikufuna kudzamuperekeza pa ukwati wake. Sindine woyera mtima, ndikufuna kukhala ndi moyo, ndipo sindichita nazo manyazi." Kenako anatembenukira kwa bambo Harvey. "Pa zithunzi zanuzo, ine ndili pati?"

Bambo Harvey anafiira. Anati za munthu mmodzi sangathe kunena, chifukwa zimadalira impso imene yapezeka. A McDonald anati anene za anthu onga iwo. Wa masamuyo anayang'ana kwa wapampando, wapampando n'kugwedeza mutu kuti anene.

"Anthu onga inu, bambo, ambiri adikira nthawi yowonjezera. Ena miyezi, ena kupitirira chaka. Ndipo pa anthu odikira nthawi yowonjezera, ena samafika."

Ine ndinayang'ana pansi.

"Zikomo," anatero a McDonald. "Ndinu woyamba kundiuza m'maso. Tsono ndipemphe chinthu chimodzi. Mukavomereza lamuloli, musapite osabweranso. Chaka chilichonse muzibwera pamaso pathu, m'holo ngati ino, kudzatiuza kuti apindula ndi angati, ndipo amwalira akudikira ndi angati. Mukapeza kuti munalakwitsa, mudzakonze. Computer ilibe nkhope, koma inu muli nazo. Tizikuonani."

Mayi Ann analemba, n'kuwerenga mokweza zimene alemba, kuti a McDonald atsimikize kuti ndi mawu awo. Kenako anafunsa ngati pali wina. Elijah sanakweze dzanja. A McDonald ndi amene anamugunda ndi chigongono n'kumupatsira maikolofoni. Bamboyo anaimirira, mutu kutsala pang'ono kugunda nyale, ndipo mawu anamuthawa. A McDonald anaimanso pambali pake, n'kumamupatsa mawu a Chingerezi limodzilimodzi akasowa.

"Ine sindinkadziwa kuti pali mzere wina," anatero Elijah. "Ndinkabwera tsiku lililonse limene andiuza. Sindinajombepo. Ndinkati akuona kuti ndikubwera." Anaima, n'kuyang'ana mnzakeyo. "Uyu ndi amene anandiuza. Sindikufuna kumulanda malo. Koma zaka zija zinali zanga."

A McDonald anamuthandiza kukhala pansi, ngakhale iwonso miyendo inali itatha mphamvu.

Anthu ena analankhula, ovomereza ndi okana. Mayi wina wa ku Dudley anakalipa ndithu, ndipo anamusiya mpaka anamaliza. Pa nthawi yovota Vailet anatuluka panja monga analonjezera, ine n'kumutsatira. Tinaima pakhonde tikuyang'ana sitima ikudutsa pamlatho. Sanalire. Anangondifunsa ngati ndikuganiza kuti mwamuna wake adzamukhululukira zenizeni. Ndinamuuza zoona, kuti sindikudziwa.

Komiti inavomereza kusinthako, ndipo inaikamo ndi pempho la a McDonald lomwe. Maganizo awo anapita kwa akuluakulu pamodzi ndi a makomiti ena, n'kukakhala kumeneko miyezi yambiri, monga zimakhalira za boma. Kenako lamulo linasintha. M'nyumba ya ku Oldbury munabwerera mtendere wake, wosachuluka mawu. Kutchalitchi nkhani inamveka, pakuti ya ankhoswe awiri ndi ya mpingo wonse, ndipo amayi ena ankamudya Vailet miseche kuti ndi mkazi wouma mtima. Mmodzi ndinamufunsa ngati iyeyo anavomera kuti akadzamwalira ziwalo zake zidzathandize ena. Anati kwawo munthu amaikidwa wathunthu. Ndinamuuza kuti ndiye atseke pakamwa pa nkhani ya impso.

Chilimwe chotsatira Vailet anandiimbira ndili kuntchito.

"Asisi, a Elijah aitanidwa. Operation yayenda bwino."

"Nanga alamu?"

"Apita ku makina, apeza mpando wa pambali uli wopanda munthu. Abwera osalankhula. Tsopano akuti tikawaone odwala, ndipo inu mukhalepo."

Ndinaopa. Sindinadziwe ngati ndikupita kukazonda matenda kapena kukaleretsa ndewu. Vailet anayesa kutiuza kuti impso imeneyo mwina sikanagwirizana n'komwe ndi thupi la mwamuna wake, ndipo palibe angadziwe ngati ikanakhala yawo. A McDonald anati zimenezo akuzidziwa, n'kupitiriza kupesa tsitsi.

Anatilola kulowa patapita masiku, titasamba m'manja n'kuvala zotseka pakamwa. Elijah anali atakhala tsonga pabedi, nkhope itayamba kale kuwala. Patebulo pake panali jagi yaikulu ya madzi. Munthu wa pa makina amamwa madzi mochita kuyeza, kakapu kochepa tsiku lonse, chifukwa thupi silitha kuwatulutsa. A McDonald nthawi yotentha ankangomumunya kachidutswa ka ayezi kuti apusitse ludzu. Koma wolandira impso yatsopano amauzidwa kuti amwe kwambiri. Elijah atationa anatambasula dzanja n'kukankhira jagiyo kuseri kwa katani, ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

"Bweza," anatero a McDonald.

"M'bale wanga, pepa."

"Usapepese. Thira. Dzaza kapu."

Elijah anathira, madzi ena n'kutayikira pabulangete.

"Imwa ndione. Usapume."

Anamwa. Tonse tinangoima chilili kumvetsera madzi akutsika kukhosi kwa munthu, mpaka kapu inatha. A McDonald anayang'anitsitsa osaphethira. Kenako anafunsa kuti akukoma bwanji. Elijah anati sakudziwa mawu ake m'Chingerezi. A McDonald anati asavutike, amva kale. Anamugwira phewa, anapemphera mwachidule, n'kutiuza kuti tizipita wodwala apume.

M'galimoto anapereka makiyi kwa mkazi wawo, iwo n'kukhala pambali. Ine ndinali kumbuyo. Tinayenda mpaka titadutsa Bearwood, pomwe Vailet anapatukira m'mbali mwa msewu n'kuzimitsa injini. Anagwira chiwongolero ndi manja onse, misozi ikungoyenda.

"Nenani, bambo. Chilichonse chimene chili mumtima, nenani. Ankhoswe ali pompano."

A McDonald anamuchotsa dzanja limodzi pachiwongolero n'kuliika pa bondo lawo.

"Munachita bwino, mayi a Tiffany. Munthu uja anayenera kumwa madzi amene aja." Anameza malovu movutikira. "Koma atandifunsanso lero, ndingakanebe."

"Ndikudziwa."

"Ndili ndi ludzu."

"Ndikudziwa, bambo."

Anakhala choncho atagwirana, magalimoto akutidutsa. Ine nkhoswe ndinalibe choti ndigamule, ndipo kunena zoona ndinali ndisanaonepo banja lolimba ngati limenelo. Patapita nthawi Vailet anapukuta m'maso ndi mkono, analiza galimoto, n'kunena kuti tifulumire chifukwa mawa ndi tsiku la makina. A McDonald akudikirabe mpaka lero.